Mwagula nyumba mu complex ku Joni: muyambire pa simenti kapena pa komiti?

Lole ya mchenga inafika pageti Loweruka cha m'ma 8 koloko m'mawa, ine ndili m'kati ndikusesa pabalaza, nyumba ikadali yopanda mpando ndi umodzi womwe. Foni inalira. Anali mmisiri wanga, mnyamata wakwathu ku Mangochi amene wakhala akumanga ku Johannesburg kwa zaka zambiri. "Achimwene, pageti pano akutikaniza. Akuti maina athu mulibe m'buku, komanso Loweruka salola magalimoto a katundu." Ndinathamangira kugeti makiyi ali m'manja. Mlonda anandilandira mwaulemu, n'kundilozera pepala lomatidwa pagalasi la kanyumba kake: amisiri amalowa Lolemba mpaka Lachisanu basi, ndipo ayenera kulembetsedwa kaye ku ofesi. Mchenga unabwerera komwe unachokera, ndalama ya thiransipoti ndinalipira kawiri.

Ndinali nditangolandira makiyi a nyumba yanga yoyamba, ka townhouse ka zipinda zogona ziwiri cha ku Roodepoort, patatha zaka ndikulipira lendi. M'mutu mwanga munali maganizo akwathu, akuti nyumba ukagula ndi yako, mpanda ukweza mmene ukufunira, khonde utseka ndi njerwa n'kusanduka chipinda cha alendo. Ku Chilomoni kapena ku Area 25 ambiri timatero, ngakhale kumenekonso khonsolo imafuna pulani. Koma mu complex kapena mu estate ya ku South Africa, kumene nyumba zambiri zimakhala mumpanda umodzi, muli bungwe la eni nyumba limene limaima pakati pa inu ndi khoma lanu, ndipo mumakhala membala wake tsiku lomwe nyumba yalembedwa m'dzina lanu ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, mufune musafune. Kakonzedwe ka nyumba kalikonse kamene mungasankhe kayenera kudutsa pamenepa, n'chifukwa chake nkhani ya amisiri ndi nkhani ya komiti sindingazilekanitse.

Kodi mwagula chiyani kwenikweni?

Pali mitundu iwiri ya umwini, ndipo anthufe timaisokoneza chifukwa kunja geti ndi mlonda zimaoneka zofanana. Wina ndi sectional title, umene uli m'mafulati ndi m'ma townhouse ambiri. Umayendera lamulo la Sectional Titles Act la 1986, pamodzi ndi Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2016. Apa chanuchanu chimathera pakatikati pa khoma, pansi ndi siling'i. Theka lam'kati la khoma ndi lanu, theka lakunja ndi la onse. Denga nthawi zambiri ndi la onse. Kadimba kakuseri ndi poimika galimoto kawirikawiri ndi malo a onse amene mwangopatsidwa ufulu wogwiritsa ntchito nokha. Eni nyumba nonse pamodzi ndinu body corporate, ndipo komiti imene mumasankha ndiyo ma trustee.

Wachiwiri ndi full title m'kati mwa estate. Puloti yonse ndi nyumba yake ndi zanu, koma chikalata cha umwini chimakumangirirani ku homeowners association, imene nthawi zambiri imalembetsedwa ngati kampani yosafuna phindu. Apa ufulu ndi wokulirapo, pakuti denga ndi makoma ndi zanu, koma bungwe limakhala ndi kabuku ka malamulo a kamangidwe: penti yololedwa, mtundu wa denga, kutalika kwa mpanda, ngakhale poika thanki ya madzi.

Ena amati malamulo a bungwe ndi oopsezera chabe, si a boma. Nkhani imeneyi inafika kale kukhothi. Mu 2019, Supreme Court of Appeal inagamula mlandu wa estate ya Mount Edgecombe, kufupi ndi Durban, pomwe eni nyumba ena amatsutsa lamulo loyendetsa galimoto pa liwiro losapitirira makilomita 40 pa ola. Khothi linati amene wagula nyumba mu estate wavomera malamulo ake ngati mgwirizano, ndipo bungwe lili ndi mphamvu yowatsatitsa. Ngati zili choncho pa liwiro la galimoto, pa khonde lanu zili chimodzimodzi.

Kufika kwa eni mudzi

Njira imene ambiri amayamba nayo pofuna kufikira bungwe ndi kulembera managing agent, kampani yolembedwa ntchito yotolera levy (ndalama imene mwini nyumba aliyense amapereka ku bungwe mwezi ndi mwezi), kusunga mabuku ndi kuyankha makalata. Ubwino wake ndi wakuti zonse zimakhala zolembedwa, ndipo kumeneko n'kumene mungapeze malamulo a khalidwe, fomu yopemphera chilolezo chokonza nyumba, ndi zokambirana za misonkhano yapita. Kuipa kwake, agent salamula. Amangopereka pempho lanu kwa ma trustee, ndipo imelo yanu imatha kukhala pamzere milungu ingapo, inu mmisiri mwamulipira kale dipoziti.

Njira ina ndi kupempha kuonana maso ndi maso ndi mmodzi wa ma trustee. Imeneyi ndi imene inandipulumutsa lole ija itabwerera. Wapampando anali mayi wachikulire amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yanga. Anandikhazika patebulo lodyera, n'kutulutsa fayilo yaikulu yothothoka m'mbali, m'kati muli pulani ya complex yonse. Anayendetsa chala pamzere wa nyumba yanga n'kuima pakhonde: khonde silinali m'kati mwa mzerewo. Kenako anandiuza zimene palibe fomu ikanandiuza, kuti mapaipi a mzere wathu ndi akale achitsulo ndipo akhala akuphulika, kuti mpope wotsekera madzi ndi umodzi wa nyumba zingapo kotero pulambala wanga akatseka, anansi onse akhala opanda madzi, komanso kuti chaka chotsatira akufuna kupenta kunja konse. Ndikanapanda kukhala patebulo limenelo ndikanagula penti wakunja pachabe. Kwathu mlendo akafika pamudzi amayamba wakaonekera kwa amfumu asanakhome chikhomo, ndipo nzeru imeneyi ikugwira ntchito ngakhale kuno. Chenjezo ndi limodzi: mawu apakamwa a trustee mmodzi si chilolezo. Malamulo amafuna chilolezo cholembedwa cha ma trustee. Mukacheza bwino, mukalembebe kalata.

Njira yachitatu ndi kudikira msonkhano waukulu wapachaka, umene mu sectional title uyenera kuchitika pasanathe miyezi inayi chaka cha zachuma chitatha. Pa ntchito zazing'ono kudikira kumeneku n'kutaya nthawi. Pa ntchito yokulitsa nyumba palibe kuchitira mwina, muyenera kupita kwa eni nyumba onse, pa msonkhano wapachaka kapena wapadera. Kutseka khonde kuti likhale chipinda, kapena kuwonjezera galaja, kumafuna chigamulo chapadera, chovomerezedwa ndi 75 peresenti ya mavoti, powerenga anthu komanso kukula kwa magawo awo, ndipo anthu ayenera kudziwitsidwa masiku 30 msonkhano usanachitike. Akavomera, pulani ya complex imajambulidwanso, imapita kwa Surveyor-General, mkulu wa boma wovomereza mapu a malo, kenako ku Deeds Office, ndipo levy yanu imakwera chifukwa gawo lanu lakula.

Palinso njira imene abale ena amalangizana pamowa: "Ingomangani, akadzaona mwamaliza sangagwetse." Njira imeneyi ndikuikana ndi mtima wonse. Chindapusa chimalowa pa akaunti ya levy, bungwe likhoza kukapeza chigamulo choti mugwetse ndi ndalama zanu, ndipo tsiku logulitsa nyumba, chomangidwa chopanda pulani chimathawitsa ogula ndi mabanki awo. Safunsa anadya phula.

Tsopano ntchito yeniyeniyo

Njira yoyamba ndi kukonza zonse musanalowe, ntchito yonse n'kuipereka kwa kontilakita mmodzi. Nyumba ikakhala yopanda anthu ndi katundu, ntchito imathamanga. Matailosi amaikidwa nyumba yonse kamodzi, mawaya ndi mapaipi amadutsa m'makoma pulasitala asanamatidwe, fumbi silivutitsa ana. Kumbali ya bungwe, njira iyi ndi yophweka koposa: pempho limodzi, dipoziti imodzi yotetezera misewu ndi mageti, mndandanda umodzi wa antchito, ndipo anansi amapirira phokoso kwa nthawi yodziwika. Kontilakita wokhazikika amakhalanso ndi mapepala amene ma estate ambiri amafuna, monga inshulansi ndi kalata yosonyeza kuti antchito ake ali pa thumba la boma la ovulala pantchito.

Koma mtengo wake ndi wolemera. Mumalipira lendi komwe mukukhala, ngongole yakubanki ya nyumba yatsopano, ndi levy, zonse mwezi womwewo, thumba litatopa kale ndi ndalama za maloya ndi zosamutsira umwini. Vuto lachiwiri ndi limene anthu salitchula: mumakonza nyumba imene simunaidziwe. Ku Gauteng mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo Juni ndi Julayi kumakhala kouma, kozizira. Mukagula m'nyengo yozizira, khoma lililonse limaoneka labwino, makamaka ngati wogulitsa analipenta kumene. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mvula yoyamba yamatalala ikagwa m'pamene chinyontho chimatulukira kuseri kwa makabati atsopano aja. Nyumba zambiri zimagulitsidwa ndi mawu akuti voetstoots, kutanthauza kuti mwaitenga mmene ilili, ndipo ngakhale kuyambira mu Febuluwale 2022 wogulitsa kudzera kwa estate agent ayenera kulemba fomu youlula zowonongeka zimene akuzidziwa, zimene sakuzidziwa zimagwera inu.

Njira yachiwiri ndi kulowa kaye, n'kumakonza pang'onopang'ono, chipinda ndi chipinda, ndi amisiri osiyanasiyana. Ambirife timatsata imeneyi, ndipo pali zifukwa zomveka. Ndalama imatuluka mmene ikulowera, popanda ngongole ina pamwamba pa ngongole. Mumaphunzira nyumba: kumene dzuwa limalowera m'nyengo yozizira, kumene madzi amadikha, soketi imene ikusowa. Ndiponso amisiri akwathu ali ponseponse m'mizinda ino, omanga, openta, oika matailosi, a manja abwino ndi mitengo yomvana, ndipo ndalama imene mwawalipira mumadziwa kuti ina ikafika ku Mangochi kapena ku Mzimba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Komabe mu complex kudumpha kumeneku kuli ndi zotopetsa zake. Ntchito iliyonse yatsopano imafuna pempho lake ndi kulembetsanso anthu pageti. Anansi amene akanapirira phokoso la mwezi umodzi amayamba kudandaula akamamva grinder miyezi isanu ndi umodzi. Masiku ololedwa amakhala a pakati pa sabata, pamene inu muli kuntchito, ndiye mmisiri amagwira popanda womuyang'anira, kapena mayi akunyumba ndi amene amasenza zonse, kuphika m'fumbi ndi kusambitsa ana m'beseni bafa likamakonzedwa. Pakati pa Disembala mpaka chakumayambiriro kwa Januwale makampani omanga amatseka, ma estate ambiri salolanso amisiri kulowa, ndipo anyamata akwathu ambiri amakhala akwera basi kupita kumudzi. Mukaphwanya bafa kumapeto kwa Novembala, mukhoza kudya Khirisimasi lili chiphwanyire.

Pa njira imeneyi pali nkhani ina yofunika kuinena mosabisa. Pageti amafuna chiphaso, kapena pasipoti ndi pemiti. M'bale amene mapepala ake sali bwino sangalowe, ndipo lamulo la Immigration Act la 2002 limaletsa kulemba ntchito munthu wopanda chilolezo, mlandu n'kugwera wolembayo. Funsani za mapepala musanagwirizane mtengo, mwaulemu, muli awiri. Kumuika m'bale pamalo poti abwezedwe pageti anzake akuona n'kumuchotsa ulemu, ndipo kumulowetsa mobisa m'galimoto lanu n'kuika pachiswe iye ndi inu nomwe.

Palinso ntchito zimene mmisiri waluso chabe sangakusainireni. Nyumba ikamagulitsidwa pamafunika satifiketi ya magetsi yosapitirira zaka ziwiri, ndipo mukawonjezera mawaya, masoketi, inverter kapena sola, pamafunika satifiketi ina yochokera kwa wamagetsi wolembetsedwa. Chitofu cha gasi cholumikizidwa ndi mapaipi chili ndi satifiketi yake. Moto ukabuka popanda mapepala amenewa, a inshulansi amakhala ndi pokanira, ndipo mu townhouse moto suthera pa khoma lanu. Apa musasunge ndalama.

Njira yachitatu ndi kugwira nokha kumapeto kwa sabata. Kupenta m'kati, kusintha zogwirira zitseko, kukhoma mashelefu, kumata ming'alu yaing'ono, zonsezi n'zotheka ndi zipangizo za ku Builders Warehouse kapena Cashbuild, ndipo nthawi zambiri sizifuna chilolezo bola musasokose pa maola oletsedwa. Malire ake ndi chitseko chakumaso. Kunja kwake, ngakhale kukhoma msomali pakhoma, kuika dishi ya DStv kapena makina oziziritsira mpweya, mu sectional title zimafuna kalata ya ma trustee. Zitsulo zotchingira akuba muli ndi ufulu woziika, koma kapangidwe ndi mtundu wake ayenera kuvomereza iwo.

Imene ine ndingasankhe

Nditadutsamo, sindingasankhe imodzi mwa zitatuzi payokha. Ndingaduliretu ntchito pawiri, zobisika ndi zooneka. Zobisika ndi mawaya, mapaipi, giza (thanki yotenthetsera madzi), pansi pa bafa pamene madzi amalowerera, ndi matailosi ngati mukufunadi kuwasintha. Izi zichitike musanalowe, mwachangu, ndi anthu a mapepala, ngakhale zitatanthauza kulipira lendi mwezi wina umodzi, chifukwa ndi zimene zimaphwanyitsa makoma ndi kutseketsa madzi. Giza muyang'ane mwapadera. Mu sectional title inshulansi ya body corporate imakhudza nyumba yonse, koma kusamalira giza ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo ikaphulika pamakhala ndalama ina imene mumalipira nokha inshulansi isanathandize.

Zooneka zam'kati, monga makabati akukhitchini ndi penti womaliza, zidikire mpaka mutaona dzinja limodzi lathunthu. Zakunja ndi zokulitsa nyumba zidikire mpaka mutakhalapo pa msonkhano umodzi wapachaka. Pamsonkhano pamenepo m'pamene mumamva ngati bungwe lili ndi ndalama kapena ayi. Lamulo limafuna kuti body corporate ikhale ndi thumba losungira ndalama zokonzera ndi dongosolo la zaka 10 la zokonza zikuluzikulu. Ngati thumbalo lili lopanda kanthu, denga likudontha, eni nyumba ambiri ali ndi ngongole za levy, dziwani kuti kukubwera levy yapadera, ndipo ndalama imene mumafuna kugulira khitchini mudzaifuna kumeneko. Pamsonkhano mumadziwanso anthu amene adzavotere pempho lanu. Munthu amene amuona akubwera, akulipira pa nthawi yake, akupereka moni pageti, pempho lake limamveka mosiyana ndi la mlendo amene wafika ndi pulani m'manja.

Kwa amene ali mu estate ya full title, dongosolo ndi lomwelo koma khonsolo imalowapo kwambiri. Kugwetsa khoma lonyamula denga kapena kuwonjezera chipinda kumafuna pulani yovomerezedwa pansi pa National Building Regulations and Building Standards Act la 1977, yojambulidwa ndi munthu wolembetsedwa ku SACAP, bungwe loyang'anira ojambula mapulani a nyumba. Nthawi zambiri pulaniyo imayamba yadindidwa ndi bungwe la estate isanapite kukhonsolo. Lamulo limapatsa khonsolo masiku 30 oyankha ngati nyumba ndi yochepera masikweya mita 500, koma musaitanitse njerwa podalira masiku amenewo. Ndipo ngati nyumba yapitirira zaka 60, monga zambiri za m'madera akale a Johannesburg, National Heritage Resources Act la 1999 limafuna chilolezo china cha oteteza zakale musanasinthe kamangidwe kake.

Akakukanizani

Si komiti iliyonse ili ndi chilungamo. Zimachitika kuti mnansi analoledwa kuika sola kapena shedi ya galimoto, inu n'kukanizidwa popanda chifukwa chomveka, ndipo mlendo m'dziko la eni amafulumira kuganiza kuti ndi chifukwa cha kumene akuchokera. Mwina ndi choncho, mwina malamulo anasintha pakati. Njira yodziwira ndi kupempha chifukwa cholembedwa ndi ndime ya lamulo imene agwiritsa ntchito. Kenako tsatani njira ya madandaulo yam'kati mwa bungwe. Ikalephera pali Community Schemes Ombud Service, imene anthu amangoti CSOS, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo imamva milandu ya ma body corporate ndi ma homeowners association omwe. Mumailipira kale mwezi ndi mwezi pa levy yanu, ndalama yosapitirira R40. Amayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwiri, zikakanika woweruza wawo amapereka chigamulo chimene chimatsatidwa ngati cha khothi. Apilo imapita ku High Court pasanathe masiku 30, ndipo pa mfundo za malamulo zokha. Kuthamangira kwa loya poyamba n'kodula, ndipo munthu amene mukumusumirayo mudzakumana naye pageti m'mawa uliwonse. Chimene simuyenera kuchita ndi kusiya kulipira levy pofuna kuonetsa mkwiyo. Ngongole imeneyo imabala chiwongoladzanja, ndipo nyumba singasamutsidwe kwa wogula popanda kalata yosonyeza kuti levy yonse inalipidwa.

Ine mapaipi ndi mawaya ndinasintha ndisanalowe, anansi nditawagogodera mmodzimmodzi kuwauza tsiku ndi ola limene madzi adzatsekedwe. Mmisiri wanga uja analembetsedwa ku ofesi Lolemba lotsatira, n'kuika matailosi nyumba yonse m'sabata ziwiri. Mvula ya Disembala inaonetsa chinyontho pakona ya khitchini, chochokera ku khoma lakunja, ndipo popeza mbali imeneyo ndi ya onse, body corporate ndi imene inakonza, makabati ndisanagule. Khonde lija sindinalitseke. Nditawerenga ndalama za wojambula mapulani, za ku Deeds Office ndi levy yokwera mwezi uliwonse, ndinangopempha chilolezo choika chinsalu chotchinga mphepo cha mtundu umene komiti inavomereza kale kwa ena, ndipo kalata yake ili m'fayilo limodzi ndi masatifiketi a magetsi ndi a gasi.